Tambala Wopita ku Chinkhoswe pa Wilibala

M'mudzi wina wake, tsidya lino la mtsinje wina wake, kudera kumene msewu umaoneka m'chilimwe mokha, munali bungwe lomveka lotchedwa Kalabu ya Alimi a Nkhuku Otsogola. Mamembala ake anali ochepa kuposa maudindo, ndiye panalibe munthu wogona wopanda mpando. Ena ankagona ndi iwiri.

Pamwamba pa onse panali a Kankhwende. Udindo wawo ukafuna kuutchula wonse unkayamba wamwa kaye madzi: Wapampando Wamkulu Wosasinthika, Mwini Makiyi a Khola, Mlangizi wa Mazira Oswa ndi Osukusa Omwe. Nkhuku yawoyawo analibe chiyambire chaka cha chitopa, koma anali ndi jekete lakuda la mabatani owala, ndipo malamulo a kalabu ankanena mosabisa kuti mphamvu zonse zili mu jeketelo. Wavala jekete, walamula. Wavula jekete, malamulo ako apita nalo. A Kankhwende ankalivala ngakhale popita kuthengo.

Mlembi wa kalabuyo anali mlongo wawo, a Nangondo, mayi wamfupi wa mawu ochepa. Kunena zoona mawu ake anali awiri okha. A Kankhwende akati tigule belu loitanira misonkhano, iwo, "Achimwene, basi." Akati tipachike chithunzi changa pakhomo la khola kuti akabawi aziopa, iwo, "Achimwene, basi." Chifukwa cha mawu awiri amenewa kalabu inali ndi nkhuku zamoyo.

A Nangondo anali ndi mwana mmodzi, Layisoni, wopalasa njinga ya kabaza, woonda ngati sipoko ya njinga yakeyo. Layisoni anali atafunsira mbeta tsidya lija, mtsikana wotchedwa Enelesi, ndipo atamuzunguza mpaka matayala kutha, akuchikazi anavomera kuti chinkhoswe chichitike akakolola. Koma malume a Enelesi, a Chimbayo, ananeneratu.

"Mphasa timayala kamodzi. Zikadzasokonekera musadzabwerenso. Pali wogulitsa kaunjika wina amene wakhala akuiwala sopo pakhomo pano mwadala."

A Chimbayo amenewa ndiwo anali Wapampando wa Bungwe la Oweta Abakha. Iwo ndi a Kankhwende akakumana pamaliro ankapatsana moni ndi nsonga za zala.

Tsiku lina kunatulukira galimoto yoyera ya fumbi mpaka padenga. Munatsika mayi wina wa magalasi wochokera kusukulu yaukachenjede, dokotala wa nkhuku, atanyamula katoni yobooka yolira tswii tswii. Kalabu inasonkhana pansi pa mtengo wa mango.

"M'thupi la nkhuku iliyonse," anatero adokotalawo, "muli kanthu ka chibadwa kosaoneka ndi maso, kamene ife kusukulu timakatcha jini. Tingokayerekeza ndi kapitawo. Minofu ikamakula iye amangoyang'ana. Ikafika pamlingo amakuwa kuti basi, zakwana! Minofu n'kulekera pomwepo. Ndiye ife tikuyesa njira yomutseka pakamwa kapitawoyu nkhuku ikadali m'dzira, tione ngati nyama ingachuluke."

"Akatsekedwa pakamwa zinthu zimangokula?" anafunsa a Kankhwende.

"Ndi zimene tikufuna tione, bambo."

A Kankhwende anatembenuza khosi pang'onopang'ono mpaka maso anakaima pa mlongo wawo.

Adokotala anasiya anapiye aja, ndipo pakati pawo panali katambala kena ka chingwe chofiira kumwendo. Anachenjeza kuti, "Musadye, musagulitse, musapatse munthu. Sitikudziwa ngati aziyenda bwino, ngati azilira, ngati azikwera. N'chifukwa chake timati kafukufuku. Ndidzabwera ndi sikelo." Koma nthawi imeneyo n'kuti a Kankhwende ali kutali, akukonza kale mawu a msonkhano wotsatira m'mutu mwawo.

Msonkhanowo sunachedwe.

"Anzanga otsogola," anayamba, atagwira mabatani, "sayansi yatitsegula m'maso. Zaka zonsezi takhala tikudabwa kuti bwanji kalabu yathu sikukula. Kani tili ndi kapitawo m'thupi."

Kuwachotsa a Nangondo sikukanatheka chifukwa madeya onse ankachokera kwa iwo. Ndiye anangowakweza. Anawapatsa udindo wa Mlangizi Wamkulu Waulemu Wosalankhula, ndi lamulo loti asadzatchulenso kanthu kokhudza nkhuku, kaya pamsonkhano, kaya kudambo, kaya kutchalitchi, kufikira Wachiwiri kwa Wapampando atawamasula ndi pakamwa pake.

Mpando wa Wachiwiri unali wopanda munthu, poti amene anaukhalapo kale anatsokomola a Kankhwende ali mkati molankhula. Anafunafuna membala amene sangatsutse, ndipo anamupeza mu katoni muja. Katambala ka chingwe chofiira kanasankhidwa popanda wopikisana nako, n'kupatsidwa dzina loti Jenerale.

A Nangondo anangokonza mpango wawo n'kuti, "Chabwino achimwene. Mawu anga ndikawaika m'nkhokwe. Safumbwa."

Kuyambira pamenepo zinthu zinakuladi. Misonkhano inakula mpaka anthu ankabwera ndi kamba. Belu linagulidwa. Chithunzi chinapachikidwa pakhola, ndipo akabawi ankatera pachithunzi pomwepo posankha mwanapiye.

Koma amene anakula kwenikweni ndi Jenerale. Poti panalibe wonena basi mkati mwake, panalibenso wonena basi kunja kwake. Ankadya madeya, soya, usipa wosinja, mkute, mpaka thobwa la alendo. Chidali chinatukuka ngati ng'oma. Ntchafu zinafanana ndi mikono ya wosula makasu. Agalu akamuona ankalambalala, mchira pakati pa miyendo. Amayi oyembekezera ankawauza kuti asamuyang'anitsitse.

Itafika nthawi yoti ayambe kulira, a Kankhwende anakonza Mwambo wa Kulira Koyamba. Belu linalira, anthu anakhala pamipando. Jenerale anaimirira, anakupiza mapiko, anasolola khosi kuti aponye kokoliriko wake. Chidali chija chinamukokera kutsogolo. Khu! Mlomo m'dothi, mchira kumwamba.



"Mwaona?" anatero a Kankhwende. "Wagwadira anthu. Ndipo muzidziwa kuti akuluakulu salankhula pagulu wambawamba."

Anthu anaomba m'manja. Kuyenda nakonso kunayamba kuvuta. Akangoti dzadi dzadi pang'ono, pansi khwatha, wefuwefu. Kalabu inabwereka wilibala n'kukhazikitsa udindo wina, wa Woyendetsa Galimoto ya Wachiwiri, umene anthu anaulimbirana mpaka kung'ambirana malaya.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe, a Kankhwende, amene monga malume ndiwo anali nkhoswe ya Layisoni, analengeza kuti tambala wokapereka kuchinkhoswe akhala Jenerale.

Layisoni anathamangira kwa iwo, chipewa kumanja.

"Amalume, chonde. Tambala wamba akwanira. Ngakhale wobwereka."

"Iwe mphwanga, ukudziwa kuti Chimbayo anandinena chiyani? Anati ndine wapampando wa nthenga. Ine! Ndikufuna akaone tambala ameneyu, abakha ake onse akadzimangirire."

"Koma adokotala aja anati tisapatse munthu."

"Sitikupatsa munthu. Tikupatsa Chimbayo."

"Amalume, wokwatira ndine."

"Eya, koma wonyozedwa ndine. Pita ukachape kolala."

Layisoni anapita kwa mayi ake misozi ili m'mbalimbali. "Amayi, mukungoyang'ana? Enelesi akupita kwa wakaunjika uku mukuona."

A Nangondo anapitiriza kupeta. "Za nkhuku anandiletsa, mwanawe. Za matayala sanandiletse. Kapope njinga yako." Atatero anazungulira kuseri kwa nyumba, kumene kunali katambala kawo ka kameta, ka khosi lopanda nthenga, kamene kankadya chiswe ndi zakudzala. Anakayang'ana nthawi yaitali. Nakonso kanawayang'ana.

Tsopano mwambo wa tsidya lija uli chonchi. Nkhoswe ya mwamuna imanyamula tambala ndi manja ake, n'kudutsa naye pabwalo ikuvina, mpaka kukamupereka m'manja mwa nkhoswe ya mkazi. Iyo imabweza msoti. Zikatero, azakhali a mtsikana amaika nkhuku ziwirizo pansi n'kukhala chete kuonerera, chifukwa iwo amati tambala ndiye galasi la mkamwini. Mwamuna akhoza kubwereka suti, akhoza kubwereka nsapato, koma tambala wake sanama.

Tsikulo anthu anadzaza bwalo. Enelesi anakhala pamphasa pakati pa azakhali ake, mutu pansi. Kumapeto kwa tenti kunaima wakaunjika uja, atavala tayi, akuti wangodutsa.

Kenako kunamveka kwii, kwii, kwii. Wilibala inalowa itafunditsidwa chitenje, patsogolo pake a Kankhwende, pambuyo pake kalabu yonse motsata maudindo. Kumapeto kwenikweni kunali a Nangondo, atabereka kanthu kumsana. Anthu anangoti ndi mwana wa mnansi.

A Kankhwende analankhula mpaka mthunzi unasuntha. Anathokoza sayansi, anathokoza utsogoleri wabwino, anapepesa anthu ena amene mpaka pano akuwetabe mbalame zoyenda ngati zaledzera. Ndiye anasolola chitenje chija.

"Mayo ine!" anakuwa mayi wina. "Ameneyu ndi tambala kapena ndi wapolisi?"

Anthu anaimirira pamipando. Ana anathawa. A Chimbayo anangoti maso tong'o, ndipo kwa kanthawi a Kankhwende anamva kukoma kumene anakhala akukulakalaka zaka zonsezi. Koma paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

A Chimbayo anazungulira wilibala ija, manja kumbuyo, n'kumwetulira.

"Ankhoswe anzanga, tambala tamuona, ndi wamkuludi. Koma kuno tambala sabwera pa mawilo. Mumunyamule ndi manja anu, muvine naye mpaka pano."

"N'chapafupi," anatero a Kankhwende.

Ng'oma zinayamba. Anakunga jekete, anawerama, anakumbatira Wachiwiri wawo, anati hii! Anamudzutsa mpaka m'mawondo. Anati hii kachiwiri, mpaka pamimba. Ndiye anati atyole dansi pang'ono kuti Chimbayo aone. Msana unangoti thyo!

Jenerale anatsetsereka n'kukhala pansi phwa, ngati thumba la mchenga. A Kankhwende anatsala chiweramire, manja ali lende, ngati munthu wofuna singano m'fumbi. Kuti aweramuke, ayi ndithu.

A Nachisale, azakhali aakulu a Enelesi, mayi wa mawu ngati lipenga, sanadikire. Anatenga msoti wawo wofiirira, wosalala, n'kuuika pansi patsogolo pa Jenerale. Msoti unadzikonza nthenga. Unadutsa kumanja. Unadutsa kumanzere. Unapalasa pang'ono mwamanyazi. Jenerale anauyang'ana ndi diso limodzi, kenako diso lija linaona chitumbuwa chimene wina anagwetsa pothawa. Anasolola khosi osadzuka n'komwe, n'kuyamba kujompha.

A Nachisale anamanga chitenje m'chiuno.

"Amayi anzanga, mwaona kapena ndikuuzeni?"

"Taonaaa!"

"Chidali ngati ng'oma. Kuyenda, mpaka anthu amukankhe. Kulira, zii. Mkazi wadutsa pamphuno, iye maso pa chitumbuwa. Amuna amtundu umenewu tili nawo kale m'mudzi muno, wina ndinakwatiwa naye ine ndemwe, ndi uyo wakhala apoyo."

Bambo wina wonenepa anatsitsira chipewa kumaso.

"Ndiye wina wachiwiri sitikumufuna. Pindani mphasa!"

Enelesi anayamba kusisima. Wakaunjika anakonza tayi n'kusendera kutsogolo. Layisoni anagwada pafupi ndi amalume ake, ndipo kugwadako kunathandiza chifukwa nkhope yawo inali chakumunsi komweko.

"Amalume, mwandipha."

A Kankhwende anapotoza khosi kufunafuna mlongo wawo. "Achemwali! Achemwali, talankhulaniko ndi anthuwa. Inu amakumverani."

A Nangondo analoza pakamwa pawo. Kenako analoza Jenerale.

Lamulo ndi lamulo. A Kankhwende anasendera chiweramire mpaka maso awo analunjikana ndi a Wachiwiri wawo.

"Olemekezeka a Wachiwiri," ananong'ona, "ndikupempha mumasule Mlangizi Wamkulu. Mungoti ko. Ngakhale ko mmodzi."

Jenerale anameza chitumbuwa, anawayang'ana, anatseka diso lija n'kugona.

"Bwanji ankhoswe anzanga," anafunsa a Chimbayo mokoma mtima, "komiti yakana?"

Atsikana anali atagwira kale nsonga za mphasa. A Kankhwende anayang'ananso mlongo wawo. Ulendo uno a Nangondo analoza jekete.

Thukuta linagwa m'fumbi. A Kankhwende anayang'ana mabatani aja, anayang'ana mphwawo ali chigwadire, anayang'ana wakaunjika amene tsopano anali atafika pamzere wachiwiri.

"Basi," anatero ndi mawu aang'ono.

"Mwati bwanji?" anafunsa a Nachisale, dzanja kukhutu.

"Ndati basi! Zakwana! Ndivuleni chinthuchi!"

Munthu wowerama sadzivula yekha jekete. Amene anathandiza ndi a Chimbayo, ndipo mboni zimati sanathandizepo munthu mwachimwemwe chotero chibadwire. Analivula bwinobwino, analikutumula fumbi, n'kufunsa kuti kodi Wapampando akatula, jekete limapita kwa ndani. A kalabu anayang'anana. Malamulo anali omveka: limapita kwa Wachiwiri. Jekete linafunditsidwa pamsana pa Jenerale.

A Nangondo anatsokomola kuyesa ngati mawu akadalimo.

"Azakhali, pepani," anatero. "Uyo wagonayo ndi wa kalabu, anangotiperekeza. Wa kubanja ndi uyu."

Anamasula mbereko. Mwana wa mnansi uja anatulutsa khosi lofiira lopanda nthenga. Anali kameta. A Nangondo anamuika m'manja mwa achimwene awo, ndipo a Kankhwende anayenda naye chiweramire, mutu pafupi ndi mawondo, mpaka kukamupereka kwa a Chimbayo. Okalamba a tsidya lija mpaka lero amati sanaonepo nkhoswe yaulemu ngati imeneyo.

Kameta atangoponda pansi anadzikung'untha, anasolola kakhosi kake, kokolirikooo! Mawu ake ngati chitseko cha malata. Anaona msoti uja. Anagwetsa phiko limodzi, anauzungulira, msoti unaliyatsa liwiro, iye pambuyo. Analowa pansi pa mipando, anatulukira pakati pa oimba ng'oma, anagubuduza beseni la thobwa, thobwa lonse pa nsapato za wakaunjika. Kuseri kwa nkhokwe kunamveka phokoso limene ana anauzidwa kuti asapiteko.

Nthungululu zinang'amba tenti.

"Ameneyo ndiye mkamwini!" anakuwa a Nachisale akuvina. "Woonda, wosaoneka bwino, koma akudziwa chimene wabwerera! Yalani mphasa!"

Enelesi anaseka misozi ili m'masaya. Layisoni anangokhala pomwepo akuseka ngati chitsiru. Pobwerera, wilibala inanyamula a Kankhwende. Jenerale anakwera pa kaliyala ya Layisoni, atavala jekete, ndipo matayala aja anali opopa bwino.

Mvula yoyamba itagwa, galimoto yoyera inabweranso. Adokotala anamuika Jenerale pasikelo, anamupima ntchafu, anamuimiritsa, iye anakhala pansi. Anamva nkhani yonse ya kuchinkhoswe, anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Nyama ndiye yachuluka," anatero. "Koma taphunzirapo kanthu. Kapitawo uja sitiyenera kumutsekeratu pakamwa. Ulendo wina tidzayesa kungomuchepetsa mawu."

"Muzimusiyirako awiri," anatero a Nangondo. "Amakwana."

Adokotala atati amutenge Jenerale abwerere naye kusukulu, kalabu yonse inaimirira pakhomo la khola. Zosatheka. Ameneyu ndi Wapampando. Chilowereni pampando sanakanganepo ndi munthu, misonkhano ikutha dzuwa lisanapendeke, ndipo ngakhale amadya kwambiri, amadyera poyera aliyense akuona. Pachisankho chotsatira anapambananso popanda wopikisana naye. A Kankhwende, msana utawongoka, anapempha udindo uliwonse, ndipo anawapatsa wokankha wilibala.

Layisoni ndi Enelesi ali pabanja, ndipo pakhomo pawo nkhuku za makosi opanda nthenga zachuluka mpaka anansi akudandaula. Madzulo ana a m'mudzimo akamaponyerana ndagi, pali imodzi imene inabadwa chaka chimenecho.

"Ndagi!"

"Gize!"

"Chidali patsogolo, kudya ngati chigayo, kuyenda mpaka amunyamule, ukamudandaulira amatseka maso."

Ndagi imeneyi mwana wochenjera sathamangira kuyankha. Amayamba wayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa motsitsa mawu:

"Wa nthenga, kapena enawa?"